Magetsi azima tsiku lonse: mkaka, lacto ndi tchizi za m'firiji tidye kapena titaye?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, wafunsa kuti: "Kuno magetsi amazima kusanache, n'kudzayaka usiku anthu atagona. Loweruka ndinagula mkaka wa m'paketi, lacto, yogati ya ana, tchizi ndi majarini, zonse n'kuika m'firiji. Lamlungu magetsi anazima m'ma 5 koloko m'mawa osayakanso, moti pofika madzulo m'firiji munali mofunda. Mkakawo sunkanunkha. Apongozi anga akuti ndingowiritsa, chifukwa kumudzi ku Dedza ankamwa mkaka wogona popanda firiji ndipo palibe anafa nawo. Ndili ndi mwana wa miyezi 8 ndi ena awiri a kusukulu. Ndalama ikuvuta, kutaya chakudya kumandipweteka mtima. Nditani?"

Mayi, ndiyambe ndi zimene zili m'firiji mwanumo, zifukwa zake zibwere pambuyo. Mkakawo utayeni, ngati uli uja amagulitsa uli wozizira kusitolo, kapena ngati uli wokhalitsa koma munali mutautsegula kale. Majarini alibe vuto. Tchizi chikakhala cholimba, cha mtundu wa cheddar kapena gouda, idyani mtima uli m'malo. Yogati ya anayo musawapatse, poti yakhala tsiku lathunthu pofunda ndipo omwa ake ndi ana. Lacto, mkaka wosasa wa kusitolo uja, ndi yokhayo imene tingakambirane, ndipo tikambirana. Wa miyezi 8 uja asalawe chilichonse pa zimenezi.

Ndikudziwa kuti mawu oti "tayani" ndi osavuta kwa munthu amene sanapise m'thumba. N'chifukwa chake ndikufuna ndifotokoze mwatsatanetsatane, kuti ulendo wina muziweruza nokha, komanso kuti zotaya zizichepa.

Mwati mkakawo sunkanunkha. Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Tizilombo timene timakhala mumkaka si ta mtundu umodzi. Pali tina timene timangouwononga, kuusasitsa, kuuundanitsa, kuununkhitsa. Timeneti mphuno ndi lilime zimatigwira msanga, ndipo kawirikawiri si timene timagoneka munthu m'chipatala. Ndiye pali tina todwalitsa, monga Salmonella, Listeria, Staphylococcus aureus ndi Bacillus cereus. Timeneti tingachuluke mpaka kufika poti n'kugwetsa banja lonse, mkaka uli woyera mbee, fungo lake labwinobwino, kakomedwe kake kosasintha. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mkaka wonunkha ndi woipadi, palibe angatsutse, koma wosanunkha sindiye kuti ndi wabwino. Ngakhale kuyesa kuja timachita, kothira kamkaka pa supuni n'kuitenthetsa pamoto kuti tione ngati kaundane, kumangotiuza ngati mkaka wayamba kuwawasa. Kumalo ogulira mkaka kwa alimi amayesanso motero, koma cholinga chawo n'kudziwa ngati mkakawo ungapirire kutenthetsedwa kufakitale. Za matenda supuniyo siidziwa kanthu.

Zoyang'ana zenizeni ndi kutentha ndi nthawi. Mabakiteriya amaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chosachedwa kuwonongeka chizisungidwa pozizira mosafika madigiri 5, ndipo chisamakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Malo akafunda bwino, mabakiteriya ena amadzigawa pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Werengani nokha. Mmodzi yekha, pakatha ola limodzi amakhala 8, pakatha maola atatu 512, pakatha maola 7 amapitirira 2 miliyoni. Ndipo mumkaka sayamba mmodzi. Amaukondanso kwambiri mkakawo, chifukwa magawo pafupifupi 87 pa 100 alionse ndi madzi, muli shuga, muli mapuloteni, komanso suwawasa.

Harare ili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho timapepukidwako poyerekeza ndi anzathu a ku Kariba kapena ku Nsanje. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madigiri osakwana 10, koma masana a miyezi yomweyo kumafika cha m'ma 20, pamene mabakiteriya amaswana ndithu ngakhale pang'onopang'ono. Mu Okutobala masana kumayandikira madigiri 30, ndipo m'khitchini yofolera ndi malata kapena asibesitosi, mbaula ya gasi ikuyaka, kumaposa pamenepo. Akatswiri a zakudya a ku America amati kutentha kukapitirira madigiri 32, maola awiri aja amatsika kukhala ola limodzi basi.

Chinthu china chimene anthu amaiwala n'chakuti nthawi imeneyi imaphatikizana. Siyambiranso pa ziro mukabwezera mkaka m'firiji, chifukwa kuzizira sikupha mabakiteriya, kumangowaimitsa. Mwagula mkaka m'tauni, mwazungulira kugula zina, mwaima pamzere kudikira kombi, mwafika kunyumba patatha ola limodzi ndi theka. M'mawa mwake wakhala patebulo mphindi 30 ana akumwa tiyi. Maola awiri atha kale magetsi asanazime n'komwe.

Ku Australia, oyang'anira zakudya amagwiritsa ntchito lamulo limene ineyo ndimalikonda chifukwa limamvetsa moyo wa anthu. Amati chakudya chikakhala pofunda maola osakwana awiri, mukhoza kuchibwezera m'firiji. Chikakhala pakati pa maola awiri ndi 4, idyani nthawi yomweyo, musasungenso. Chikapitirira maola 4, tayani. Tsopano tiike Lamlungu lanu pa lamulo limeneli. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4 magetsi atazima. Anazima 5 koloko, ndiye kuti mpaka cha m'ma 9 zinthu zinali bwino, ngati ana sankatsegulatsegula, zimene pa tsiku la Lamlungu ndikukayika. Kuyambira pamenepo mkaka unayamba kufunda. Mukanaumwa kapena kuuphikira phala isanakwane 1 koloko masana, bwenzi tilibe nkhani. Pofika madzulo unali utakhala pofunda maola 8 kapena 9. Wapitirira malire kawiri.

Tibwere kwa apongozi anu. Muwalemekeze, chifukwa theka la zimene akunenazo ndi zoona, ndipo ndifika ku thekalo. Koma pa nkhani yowiritsa mkaka womwe wakhala kale tsiku lonse pofunda, pali choopsa chimene kuwiritsa sikuchotsa. Moto umapha mabakiteriya, inde. Vuto n'lakuti ena mwa iwo akamaswana amatulutsa poizoni n'kumusiya m'chakudya, ndipo poizoniyo samva moto. Staphylococcus aureus, amene amakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri athanzi, amafika mumkaka kudzera m'manja, pa supuni, kapena mwana akamwera pakamwa pa botolo. Akapeza kufunda kwa maola angapo amapanga poizoni amene mungamuwiritse mpaka mkaka kusefukira pa mbaula, iye ali chikhalire. Bacillus cereus nayenso ali ndi poizoni wake wosanzitsa wopirira moto chimodzimodzi.

Zimenezi zinaoneka poyera ku Japan m'chaka cha 2000, ndipo chiyambi chake chinali chofanana ndi chanu. Pafakitale ina ya mkaka pachilumba cha Hokkaido magetsi anazima kwa maola angapo, mkaka n'kukhala pofunda m'mapaipi ndi m'mathanki. Magetsi atayaka anautenthetsa monga mwa nthawi zonse, n'kupanga mkaka waufa, poganiza kuti moto wapha zonse. Mabakiteriya anafadi, koma poizoni anatsala. Ufa umenewo unakapangidwira mkaka wakumwa ku Osaka, ndipo anthu oposa 13,000 anadwala. Ngati makina a fakitale analephera kuuyeretsa, kapoto ka pa gasi sikangathe.

Kuwiritsa kumathandiza kukachitika nthawi isanathe. Mukaona kuti magetsi azima ndipo mkaka ukadali wozizira, kapena wangoyamba kumene kufunda, uwiritseni pomwepo, vundikirani, ndipo muumalize tsiku lomwelo. Mukatero mwapha tizilombo tisanapange poizoni. Kuwiritsa kwa madzulo, zonse zitachitika kale, kumangokhazika mtima pansi pachabe.

Nanga kumudzi ku Dedza zinkatheka bwanji? Choyamba, mkaka wake unali wa tsiku lomwelo. Ankakama m'mawa, kuwiritsa, kumwa. Chachiwiri, wotsala sankausunga kuti ukhale watsopano, ankausiya dala kuti usase ukhale chambiko, chimene anansi athu kuno amati mukaka wakakora, a ku Bulawayo amati amasi. Mumkaka wongokama kumene, komanso m'chikho kapena mumphika umene wakhala ukusasitsira mkaka kwa zaka, mumakhala mabakiteriya abwino ambirimbiri amene amadya shuga wa mumkaka n'kumusandutsa asidi. Asidiyo ndi amene amawawasitsa chambiko, ndipo ndi yemweyo amatsekereza tizilombo tambiri todwalitsa. Akatswiri amayeza kuwawasa ndi muyezo wotchedwa pH. Mkaka watsopano umakhala cha pa 6.7, chambiko ndi yogati zimatsika kufika cha pa 4.5 kapena kucheperapo, ndipo pamenepo mabakiteriya ambiri oopsa amalephera kuswana. Makolo athu sankadziwa manambalawa, koma njirayo ankaidziwa bwino.

Mkaka wa kusitolo ndi wina. Kufakitale amautenthetsa pa madigiri 72 kwa masekondi 15, njira imene inatenga dzina kwa Louis Pasteur wa ku France. Kutenthaku kumapha tizilombo todwalitsa, koma kumaphanso abwino aja osasitsa. Otsala ndi ouma mutu, monga Bacillus, amene amadzitsekera m'kachikwa kolimba moto ukafika n'kudzatuluka kukafunda, kuphatikizapo alionse amene alowa mutatsegula paketi. Mkaka woterowo uli ngati munda wolimidwa bwino koma osadzalamo kanthu, mumamera chilichonse chimene chafika poyamba. N'chifukwa chake mkaka wa m'paketi ukausiya pamtunda nthawi zambiri susasa mokoma ngati wa kumudzi, umavunda, umawawa, nthawi zina umachita kunanda. Apongozi anu akukumbukira mkaka wina, inu muli ndi wina.

Za kuti palibe anafa, ndinene mofatsa. Mkaka wosawiritsa unkafalitsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda a brucellosis, amene amabweretsa malungo obwerabwera ndi kuphwanya kwa thupi kwa miyezi. Ndipo ana ankatsegula m'mimba kawirikawiri, anthu n'kumati ndi mano akumera. Panalibe woyeza kuti aone chimene chinayambitsa. Mpaka lero, mukagula mkaka wa m'zigubu kwa obwera nawo kuchokera kumapulazi ozungulira Harare, uwiritseni mukangofika nawo, musanachite china chilichonse.

Tsopano lacto. Malangizo olembedwa, makamaka a ku America, amati yogati ndi mkaka wosasa zitayidwe ngati mkaka wamba zikakhala pofunda maola oposa awiri. Amalemba motero kuti aliyense atetezeke, wodwala ndi wamphamvu yemwe. Kuweruza kwanga n'kwakuti lacto yosatsegula, yochokera kufakitale, yopangidwa ndi mkaka wotenthetsa kale n'kuthiramo mabakiteriya osasitsa, ndi yopirira kwambiri kuposa mkaka watsopano. Ikakhala tsiku limodzi pofunda, kawirikawiri imangowonjezera kuwawasa n'kulekana ndi madzi ake. Akuluakulu athanzi akhoza kudyera nsima madzulo omwewo, osaigonekanso. Koma iyang'aneni kaye. Paketi ikatupa ngati yapoperedwa mpweya, ikachita thovu potsegula, ikatulutsa fungo ngati la mowa kapena ikaoneka chuku, itayeni. Ndipo ngakhale ioneke bwino, khanda, mayi woyembekezera, agogo ofooka ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake chinatsika asadye nawo. Yogati ya anayo ndaikana chifukwa muli shuga ndi zipatso, zimene yisiti ndi chuku zimakonda, komanso chifukwa mimba ya mwana siipirira ngati ya wamkulu.

Ngati apongozi akulakalaka chambiko, apangireni chenicheni, mwadala. Wiritsani mkaka watsopano, usiyeni uzizire mpaka ukhale wofunda pang'ono poukhudza ndi chala chosamba, thiranimo masupuni angapo a lacto yatsopano ya kusitolo, takasani, vundikirani m'chiwiya chotsuka ndi madzi otentha. Nyengo yofunda chimagwira pasanathe tsiku, mu Juni chimachedwerapo. Apa mwadzalamo nokha mabakiteriya abwino, ndipo amachuluka msanga ena asanapeze mpata. Iyi ndi njira yabwinonso yopulumutsira mkaka m'mawa umene mwaona kuti magetsi sabwera. Koma musayese kupulumutsa nayo mkaka umene wapitirira kale maola aja.

Mkaka wokhalitsa, monga Chimombe kapena Steri, amautenthetsa kwambiri kuposa wamba. Wa m'makatoni olembedwa UHT amaufikitsa pa madigiri 135 kapena kuposerapo kwa masekondi ochepa, n'kuutsekera mosalowa mpweya. Umenewu usanatsegulidwe sufuna firiji, ukhoza kukhala m'kabati miyezi mpaka deti lolembedwa pa paketi. Anthu ambiri amadzaza nawo firiji pachabe. Koma mukangodula kukamwa kwa paketi, kukhalitsa kuja kwathera pomwepo, wasanduka mkaka wamba ndipo maola aja ayamba kuwerengedwa. Paketi yotupa kapena yodontha, ngakhale deti lisanakwane, musaigule.

Tchizi cholimba chimapirira chifukwa madzi ambiri anafinyidwamo, muli mchere, komanso chimawawasa. Chikakhala pofunda chimatuluka mafuta pamwamba ngati thukuta, m'mbali n'kuuma, koma sichidwalitsa. Chikachita chuku pamalo amodzi, dulani mozungulira ndi pansi pake masentimita awiri ndi theka, mpeni osakhudza chukucho, chotsalacho idyani. Tchizi chofewa ndi nkhani ina. Cottage cheese, cream cheese ndi feta zili ndi madzi ambiri, choncho zitengeni ngati mkaka. Chimodzimodzi tchizi chogula chopalapala kale, chifukwa tizidutswa tambirimbirito tagwiridwa ndi makina ndi mpweya mbali zonse. Batala ndi majarini ndi mafuta okhaokha pafupifupi, batala amakhala ndi mafuta magawo 80 pa 100, ndipo timadzi tochepa tili mmenemo tinamwazikana timadontho ting'onoting'ono, nthawi zambiri ta mchere. Batala wa mchere akhoza kukhala pamtunda tsiku limodzi kapena awiri atavundikiridwa. Chimene chimamuwononga ndi dzuwa ndi mpweya, ndipo akawonongeka mumamva fungo la mafuta akale.

Ayisikilimu akasungunuka mpaka kukhala madzi, musamuumitsenso. Kasitadi, keke ya kirimu yotsala paphwando, phala la mkaka lotsala m'mawa, tiyi wamkaka wokhala m'fulasiki yosasunga kutentha, zonsezi ndi mkaka womwewo wavala malaya ena. Kondensi wa shuga amapirirako chifukwa shuga wochuluka amamanga madzi, koma mkaka wa m'chitini wopanda shuga uja ukatsegulidwa umawonongeka msanga.

Pa mwana wa miyezi 8 ndiye sindinyengerera. Ngati akuyamwa, pitirizani, bere silidalira magetsi. Mkaka wa m'mawere wofinyira m'kapu yoyera yovundikira umakhala bwino mpaka maola 4 pamalo osatentha kupitirira madigiri 25, ndipo m'firiji yogwira ntchito bwino mpaka masiku 4. Ngati mukum'patsa mkaka wa ana wa m'chitini, dziwani kuti ufawo si wopanda tizilombo kotheratu. Nthawi zina mumapezeka bakiteriya wotchedwa Cronobacter, woopsa kwambiri kwa makanda. World Health Organization imalangiza kusungunula ufawo ndi madzi owiritsa amene akadali otentha madigiri osachepera 70, kenako kuziziritsa botolo msanga poliviika m'madzi ozizira. Mwana amwe pasanathe maola awiri, ndipo wotsala m'botolo utayidwe, chifukwa malovu alowamo. Chizolowezi chopangiratu mabotolo atatu m'mawa kuti wolera mwana azingotenga chimadalira firiji yosazima. Kuno tilibe firiji yotero. Pangani botolo limodzi nthawi imene mwana akufuna, madzi owiritsa muzisunga m'fulasiki yabwino.

Madziwo ndi nkhani payokha. Mkaka waufa ndi bwenzi la nyumba yopanda magetsi, chifukwa ukakhala wouma, chitini chotseka bwino, supuni youma, sufuna kuzizira. Koma mukausungunula umatenga chilichonse chili m'madzimo. Tonse tikukumbukira kolera ya 2008 ndi 2009 imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndi ya 2018 imene inavuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro, madera a kuno ku Harare. Madzi a pamjigo kapena pachitsime cha kuseri kwa nyumba akhoza kuoneka oyera koma ali ndi zonyansa za m'mapaipi a zimbudzi ophulika. Wiritsani madzi musanasungunulire mkaka, ndipo sungunulani wokwana kumwa nthawi yomweyo.

Poti kuzima kwa magetsi sikutha mawa, makamaka madzi akachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba ngati mmene zinalili mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022, pamene ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndi bwino kuisandutsa firiji kukhala bokosi la ayezi. Tengani mabotolo apulasitiki a malita awiri, thiranimo madzi osadzaza kuti asaphulike, aikeni mu firiza usiku magetsi akayaka. M'mawa akazima, tsitsani awiri kapena atatu muwaike pashelefu limodzi ndi mkaka, mogundana nawo, n'kutseka chitseko. Mkaka musamauike pachitseko ngakhale kuti opanga firiji anaikapo malo ooneka ngati ake, pamenepo ndi pofunda kuposa pena paliponse. Malo ake ndi mkati, kumbuyo. Zimene ana amafuna pafupipafupi, monga madzi akumwa ndi majarini, zitulutsireni kunja m'mawa kuti pasakhale chifukwa chotsegulira. Cooler box yokhala ndi mabotolo oundana imagwira ntchito yomweyo, mwinanso bwino kuposa, chifukwa malo ake ndi ochepa.

Firiza yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga zinthu zili zouma kwa maola pafupifupi 48, yodzaza theka maola 24. Mkaka ukhoza kuumitsidwa. Ukasungunuka umaoneka wolekana pang'ono, mumangoukhutchumula. Ugaweni m'timabotolo ta tsiku limodzi, muzitulutsa kamodzikamodzi. Mukamachoka pakhomo masiku angapo, umitsani madzi m'kapu, ikani kandalama kachitsulo pamwamba pa ayeziyo. Mukabwera n'kupeza kandalamako kali pansi pa kapu, madzi ataundananso pamwamba pake, dziwani kuti zonse zinasungunuka n'kuumanso inu kulibe. Koma choposa zonsezi ndi thermometer ya m'firiji, kachipangizo kotchipa kamene kamathetsa mkangano m'nyumba. Mukatsegula n'kupeza kakuloza pa 5 kapena kutsika, mkaka uli bwino ngakhale magetsi anazima kalekale. Kakaloza pa 15, yambani kuwerenga maola.

Ena amafunsa za mtsuko, kapena miphika iwiri yolowetsana yokhala ndi mchenga wonyowa pakati, njira imene mphunzitsi wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, anaifalitsa m'zaka za m'ma 1990. Imaziziritsadi, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala mpweya uli wouma, ndipo tomato ndi masamba zimakhalitsa. Koma siitsika kufika pa madigiri 5, ndipo nthawi ya mvula mphamvu yake imachepa. Ikanimo lacto, tchizi ndi majarini. Mkaka watsopano musaudalire mmenemo.

Kunena zoona, ndalama zambiri mungazipulumutse pogula, osati posunga. Kugula za mlungu wonse Loweruka ndi nzeru ya kumene magetsi sazima. Kuno gulani mkaka wokhalitsa wa timapaketi ting'onoting'ono toti mukatsegula kathe nthawi yomweyo, ngakhale mtengo wake pa lita ukhale wokwererapo, chifukwa lita yotchipa imene theka lake mwataya ndi yodula. Wa tiyi ukhale waufa. Yogati muzigula tsiku lomwe ana adye. Ndipo muziyang'ana kumene mukugulako, poti firiji ya pa tuckshop imazima nthawi imodzi ndi yanu. Gwirani paketi ndi dzanja, izizizira kwenikweni, osati kungokhala yonyowa kunja. Ayisikilimu amene waumira mopendekeka m'kabokosi, kapena ali ndi timiyala ta ayezi pamwamba, anasungunukapo. Funsani ngati ali ndi jenereta kapena sola, si mwano.

Ndionjezere za Listeria, chifukwa iyeyu samvera lamulo la firiji ngati anzake. Amaswana pang'onopang'ono ngakhale pozizira, ndipo firiji ikamafunda n'kuzizira tsiku ndi tsiku amapeza mpata waukulu. Mliri wa ku South Africa wa 2017 ndi 2018, umene unadwalitsa anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200, unachokera mu polony, koma tizilombo tomweto timakondanso tchizi chofewa ndi mkaka wosawiritsa. Kwa mayi woyembekezera matendawa angaoneke ngati chimfine chabe, koma akhoza kuchititsa kuti apite padera kapena mwana abadwe wodwala. Ngati m'nyumba mwanu muli woyembekezera, pa zofewa zonse tsatirani maola awiri aja osawonjezera.

Zikachitika kuti wina wamwa kale mkaka wokayikitsa, musam'sanzitse dala, ingomuyang'anirani. Poizoni wa Staphylococcus amafulumira, munthu amayamba nseru, kusanza ndi kupotokola m'mimba pakati pa mphindi 30 ndi maola 8, ndipo ambiri amachira pakatha tsiku limodzi. Salmonella amachedwa, kuyambira maola 6 mpaka masiku angapo, ndipo amabwera ndi kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Choopsa pa zonsezi ndi kutha kwa madzi m'thupi. M'patseni ORS, uja ku Malawi timam'dziwa kuti Thanzi, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ngakhale akusanza. Ngati mulibe paketi, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Woyamwa apitirize kuyamwa. Mankhwala oletsa kutsegula m'mimba musam'patse mwana, ndipo maantibayotiki ogula pamsika sachita kanthu pa poizoni.

Thamangirani kukiliniki ngati wodwalayo ndi khanda, ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati thupi latentha kwambiri, ngati akusanza chilichonse chimene wamwa, kapena ngati akutsegula madzi okhaokha oyera ngati otsukira mpunga, chifukwa imeneyo ikhoza kukhala kolera ndipo siidikira kuti kuche. Kwa mwana, yang'anani liwombo ngati lalowa, maso ngati alowa m'kati, ngati akulira popanda misozi, ngati thewera lakhala louma maola 6, kapena ngati wafooka moti sakufuna n'kuyamwa komwe. Mukafika, auzeni anamwino chimene wadya, nthawi imene anadya, ndi ena angati m'nyumba amene adwala nawo.